Usatsalire Makutu Anga

Takondwa, mwana wanga,

Ndakhala pampando wanga uja wothyoka mkono mu situdiyo muno, dzuwa likupendekera kuseri kwa masitolo a ku Limbe. Amayi ako andituma sopo ndi mafuta odzola oti alowe m'chikwama chako, koma ndati ndiyambe ndalemba, zogulazo sizithawa. Pakamwa sindingakuthe iwe. Umayankhula mothamanga ngati woitanira minibasi, ndipo masiku ano theka la mawu ako limandidutsa, ine n'kumangogwedeza mutu ngati ndavomera. Papepala pokha ndi pomwe sungandidule mawu.

Dzulo tikudya unanena kuti basi ya mawa ya ku Joni suikwera, sukulu yako ya zojambula nyimbo idikire chaka china. Unati, "Ndikachoka ine, adadi atsala ndi makutu a ndani?" Amayi ako anangoika supuni pansi. Ine ndinamva bwinobwino, poti khutu logontha limasankha, zopweteka zokhazokha ndiye limatola. Yankho langa ndi ili: ukwera basi imeneyo. Makutu akufawa ndi anga, si ako. Adokotala ananena poyera kuti mahedifoni a zaka zonsezi anawadya, ndipo sabwereranso, kaya utsale kaya upite. Ndiye khala pansi uwerenge, usadumphe mizere ngati mmene umachitira ndi mauthenga anga a pafoni.

Nzeru za m'mabuku ndilibe. Zomwe ndikudziwa ndinaziphunzira pa kompyuta ili patsogolo pangayi, ndipo zambiri ndinaziphunzira zala zitapsa kale. Aphunzitsi ako kumeneko akakuonetsa makina oti ine sindinawalotepo. Koma seshoni ndi seshoni, mwana wanga, kaya ndi ku Joni kaya ndi kuno kuseri kwa sitolo: ukaitsegula umapeza mawu a anthu atayalidwa m'mizere, aliyense pa thiraki yake, iwe n'kumayenda pakati pawo mpeni uli m'manja. Ndikufuna ukayende bwino kuposa mmene ndinayendera ine.

Uzilemba mayina pa mathiraki. Ndikubwereza, uzilemba mayina, ndipo akhale mayina a anthu. Iwe uli wakhanda ndinajambula kwaya ina ya ku Ndirande, abambo a besi aliyense maikolofoni yake. Nthawi imeneyo ndinali ndi matama, ndinkati khutu langa silifuna zolemba, ndiye mathiraki ndinkangowasiya ndi manambala omwe kompyuta yapereka yokha. Patapita miyezi kunabwera mayi wina atavala zakuda, mayi Chirwa. Amuna awo ankaimba besi m'kwaya ija, ndipo anali atangowaika m'manda. Anati, "Bambo Mbewe, chimbale tili nacho kunyumba, koma mmenemo bambo akubisika m'gulu. Ndimati ndiwamve okha." Ndinatsegula seshoni ija. Manambala okhaokha! Ndinayamba kusiya thiraki imodziimodzi kuti izimveka payokha, mayi aja ali phee kumvetsera amuna a eni ake, n'kumapukusa mutu. Awa ayi. Awanso ayi. Tangoganiza, mayi wamasiye kumusakasaka mwamuna wake pakati pa manambala ngati ali ku mochale. Titawapeza, nyimbo inali isanayambe n'komwe. Munthu anangotsokomola, kenako n'kumveka, "Tiyambe, a Mbewe? Ine njala." Mayi Chirwa anandigwira mkono kuti ndisapitirire. Nyimboyo sanaifunenso. Anapempha kuti ndiwaikire pafoni kutsokomola kuja ndi timawu tija, basi.

Udziwe kuti kutsokomola kumeneko kunatsala chifukwa cha ulesi wanga. Ndikanakhala waukhondo tsiku lojambulalo ndikanakudula n'kukutaya, mayi aja akanabwerera chimanjamanja. Ndiye usamafufute, Takondwa. Chimene chikukusokoneza chitseke pakamwa ndi batani la myuti, chikhale pomwepo chili chete. Sudziwa amene adzagogode pakhomo pako kudzachifuna. Dzina pa thiraki, myuti m'malo mofufuta. Ukaiwala zina zonse, ziwirizi usaiwale.

Uziseva. Ha, apa ndikudziwa ukuseka, poti umandinena kuti chala changa chimaseva chokha ngakhale kompyuta ili yozima. Chinaphunzira ndi misozi chala chimenechi. Kwaya ina ya ku Chilomoni inabwera itachita hayala minibasi, mayunifolomu atasita, amayi ena ana kumbuyo. Anaimba kuyambira m'mawa osadya kanthu. Nyimbo yomaliza inali ya pamaliro, ndipo anaiimba mwa mtundu wina, tsitsi mpaka kundiimirira. Mtsikana wotsogolera anamaliza akulira, anzake n'kumugwirira. Ine mumtima ndinati ndiseva tikangomvera kaye. Magetsi anangoti thi! Zengerezu analinda kwaukwau. Atayaka, pa sikirini panali mbee ngati sipanaimbidwepo chilichonse. Anabweranso sabata inayo, anaimba bwino ndithu, mawu onse pamalo pake, koma chinthu chija sichinabwerenso. Usanamizidwe kuti ku Joni magetsi sazima, amazima. Ndipo usanayambe kudula chilichonse, seshoni uziyamba waikopera pena ndi dzina lina, yoyambayo ikhale yosakhudzidwa. Amayi akonso uziwaimbira foni pamene zinthu zili bwino, osadikira kuti zithime kaye.

Usamawongole chinthu chifukwa choti kompyuta yakuonetsa kuti chapindika. Amayi a ku Mpingwe aja oimba kaswida, nyimbo zachisilamu zotamanda Mulungu, sungawakumbukire, unali ku pulayimale. Anabwera nawo ndi Che Amidu, eni nyumba inoyi. Anaimba m'Chiyao ndi ting'oma tawo tam'manja, wotsogolera ali Abiti Saidi, mayi wamfupi wa mawu ngati belu. Atapita ndinayang'ana pa sikirini n'kuona kuti ng'oma sizikugwera pa mizere ija yomwe kompyuta imayezera nthawi. Pena zatsogola, pena zatsalira. Ndinati apa ndiwathandize amayiwa. Ndinadula kugunda kulikonse n'kukukokera pa mzere wake, ndinachotsanso mpweya wonse omwe ankakoka asanayambe ndime. Msana unandiwawa, koma ndinkadzimva kuti ndine katswiri. Atabwera kudzamvera, Abiti Saidi anafika nayo pakati nyimboyo, n'kuvula mahedifoni mwaulemu wake wonse. Anati, "Bambo, akuimbawa ndi asilikali a kuti? Ife potamanda Mulungu timapuma." Che Amidu anaseka mpaka kutsamira chitseko. Ine ndinasowa poika nkhope. Mwayi wake yoyamba ija ndinali nditaisunga, ndiye ndinaitsegula, amayi aja n'kuyamba kuvina ali chikhalire pabenchi.

Ku Joniko nawenso akakuwongola. Akaseka Chizungu chako cha ku Kanjedza, akanena kuti kuimba kwa kwathu n'kosalongosoka, mwina akakutchula ndi mayina ena opweteka omwe amatchula anthu obwera. Zina uzimva, chifukwa sikuti zonse timachita kuno n'zolondola, ndipo wapita kukaphunzira, osati kukaphunzitsa. Koma pena uziti ayi, apa ndi pomwe ife timapumira. Ukanena zimenezo uzinena mofatsa, iwe ndi pakamwa pakopo! Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Unatengera azakhali ako, ndipo ukudziwa kuti iwo pamsika wa Limbe anasiya mlomo pa benchi iliyonse.

Pali matenda ena a ntchito yathuyi omwe sakuuza kusukulu. Ukamva kaphokoso penapake, umayandikitsa chithunzi cha mawu, kuyandikitsabe, mpaka sikirini yonse yadzaza ndi kachidutswa kosakwana kuphethira kwa diso. Ukafika pamenepo sudziwanso kuti uli ndime iti, kaya uli koyambirira kaya kumapeto. Mnyamata wina wa ku Bangwe anajambula nyimbo yake imodzi yokha, yoti akasiyire makolo ake asanapite kukagwira ntchito kumpoto. Pa ndime yachiwiri panali kaphokoso ka milomo, kakang'ono zedi. Ndinakasaka tsiku lonse, kukadula, kulumikiza mbali ziwirizo mosamala kuti chilonda chisamveke. Ndinakondwa. Nditabweza chithunzi kuti ndione nyimbo yonse, kalanga ine, kolasi yomaliza panalibe. Tinali titaiwala kuijambula, ndipo mwini wake anali atakwera kale basi. Nyimbo ija inangothera m'malere, makolo ake anailandira choncho. Kuyambira pamenepo ndimabzala timbendera tija pamwamba pa seshoni, apa ndime, apa kolasi, apa mathero, kuti ndikasochera ndizidumphira pomwe ndikudziwa. Ndipo ndikadula pang'ono ndimabwerera m'mbuyo kuona zonse.

Iwe pakali pano wayandikitsa pa khutu la bambo ako, ladzaza sikirini yonse. Bwerera m'mbuyo, mwana wanga, uone nyimbo yonse. Muli sukulu mmenemo, muli ntchito, muli anthu omwe sunakumane nawo, mwina ndi banja lako ngati Mulungu alola. Ine ndili pa ndime yoyamba chabe. Sindikunena izi modzimvera chisoni, ndikunena zomwe ndikuona.

Za kiliki sindikanafuna kukukumbutsa, koma tonse tinalipo, ndipo sitinakambiranepo. Kiliki ija, kaphokoso ka ti, ti, ti kosunga nthawi, komwe oimba amamvera m'mahedifoni koma sikayenera kulowa m'chimbale. Kwaya ya a Kamwendo ya ku Nyambadwe inabwera yonse kudzamvera chimbale chawo chitatha. Anadzaza muno, ena pakhonde. Ndinayatsa masipika, ine n'kutsamira pampando, mutu ukuyenda ndi nyimbo. Ndinaona akuyang'anizana, ndinkati agoma nayo ntchito. Palibe anatsegula pakamwa, ulemu wathu uja wopha munthu akuseka. Kenako iwe unatulukira pakhomo ndi yunifolomu ya kusekondale. Unangoima pang'ono, n'kubwera, kudutsitsa mkono paphewa panga, kudina myuti. Unatembenuka n'kunena kuti, "Adadi amafuna aone ngati muli tcheru." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Koma nditayang'ana pa sikirini ndinaona kuti kanyale ka thiraki ya kiliki kanali kakudumpha nyimbo yonseyo, ine osamva ngakhale pang'ono. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinadziwa kuti makutu apita. Ndi tsiku lomwenso mwana wanga anaphunzira kunama pofuna kuphimba bambo ake, ndipo chimenechi chimandiwawa kuposa makutuwo.

Phunziro lake ndi lachidule. Usanatulutse nyimbo, yenda ndi maso thiraki iliyonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, uone chomwe chili chotsegula ndi chomwe chili chotseka. Kenako uimvere yonse mpaka kumapeto uli ndi munthu wosakuopa. Anthu okupatsa ulemu adzakusiya utuluke ndi manyazi pamsewu. Ukapeze mnzako mmodzi kumeneko woti angakuuze kuti apa walakwitsa, ndipo akakuuza usamukwiyire.

Kuchokera tsiku lija wakhala pambali panga. Unabweretsa kampando kako, tinapangana popanda kuyankhula: ukandiponda phazi pansi pa tebulo pang'ono ndiye kuti wina watsika mawu, ukaponda mwamphamvu ndiye kuti ndiimitse. Ine n'kumakweza dzanja ngati mphunzitsi wamkulu, "Oimba alito, tabwerezani pamenepo." Nsapato yanga yakumanja inatha pamwamba, pansi pakadali pabwino, amayi ako mpaka kudabwa. Anzako akupita ku zinkhoswe Loweruka, iwe uli muno. Anzako akucheza m'tauni, iwe ukumvera matenala a eni ake akulimbana ndi noti imodzi. Sunadandaulepo. Ndinkakondwa kukhala nawe, sindikana, panalibe masiku okoma ngati amenewo. Koma mwana si chiwalo cha bambo ake. Dzulo pamene unanena mawu aja ndinaona kuti ukakhala chaka chimodzi udzakhala chachiwiri, ndipo udzakalambira pa kampando kameneka ukuponda phazi la nkhalamba yogontha.

Tsopano tamvera zomwe ndachita, ndipo usakalipire amayi ako, chifukwa iwo anangondithandiza kunyamula. Masabata apitawa, iwe ukamathamangira za mapepala ako a ulendo, ine ndimatsala muno kukopera maseshoni. Kwaya iliyonse ndaiikira zake pa fulashi yakeyake, mathiraki onse ali ndi mayina, timbendera tili m'malo mwake, kuti aliyense wodzatsegula asadzasochere. Ndinkati ndidzawapatsa pang'onopang'ono iwe utapita. Koma utayankhula dzulo ndinaona kuti pang'onopang'ono ndi msampha. Lero m'mawa ndakwera minibasi, ndazungulira Ndirande, Chilomoni, Mpingwe, Bangwe, kupereka katundu kwa eni ake. Paliponse ndanena ndi pakamwa panga kuti, "Ine makutu anatha, situdiyo ndatseka, kajambulitseni kwina." Ndimaopa kuti mawu amenewa andipha, koma ndawanena ndipo ndikadali moyo.

Ndinamalizira ku Nyambadwe kwa a Kamwendo. Ndinawapeza akuthirira maluwa. Nditawauza, anatseka mpopi. Kenako anayandikira kuti ndiwaone pakamwa, anati, "A Mbewe, ife tinadziwa kalekale. Tebulo lanu lija n'lopanda nsalu, mwendo wa mwana timauona." Ndinawafunsa kuti nanga bwanji munkabwerabe. Anati, "Tikanapita kuti? Ana athu anakulira m'manja mwanu. Ndipo tinkati mtsikanayu aphunzirire pa mawu athu, adzatijambule bwino m'tsogolo. Muuzeni apite, ife tidikira." Ndinalira pamaso pa mwamuna mnzanga, Takondwa, pabwalo la eni ake, mkazi wawo akuonera pawindo. Sindinachite manyazi n'komwe.

Ndiye waona, chinsinsi chomwe umafuna kutsalira kuti uchilondere palibe. Situdiyo yomwe umafuna kuipulumutsa palibenso. Masipika ndawalonjeza kwa achinyamata a kumpingo kwathu, abwera kudzatenga Lolemba. Makiyi ndikusiya kwa Che Amidu ndikamatuluka muno, akuti aikamo matumba a mpunga. Nditangowauza, makiyiwo asanawalandire n'komwe, anayamba kale kupukuta m'maso, nkhalamba ija, n'kumanamizira fumbi. Maikolofoni ija yakuda yomwe umaikonda ndaikulunga m'chitenje cha amayi ako, ili pansi pa chikwama chako, usaiponyere zinthu zolemera. Ukatsala mawa, utsalira chipinda cha mpunga. Ukwiya, ndikudziwa, unena kuti adadi andichita chiwembu. Kwiya ndithu, koma ukakwiyire m'basi.

Za ine usade nkhawa kwambiri. Manja alipo, maso alipo. Kuwotcherera mawaya ndi kukonza maampulifaya a m'matchalitchi sikufuna khutu, ndipo amayi ako akonza kale kangodya pakhonde kuti ndizigwirirapo ntchito. Akuti tsopano azindilalatira momasuka poti sindizimva. Sindikunamiza kuti sizikuwawa. Zikuwawa, mwana wanga. Ndazimitsa kompyuta iyi posachedwapa, ndipo ndinakhala nthawi ndithu dzanja lili pa batani. Moyo wanga wonse ndautha kumvera anthu akuimba, ndipo ndikupita kumalo kwa zii ndikuona ndi maso. Koma ululu umenewu ndi wanga, ndiusenza ndekha. Ukauwonjezera ndi wakuti ndinatsekereza mwana wanga, pamenepo ndiye sindingathe.

Ukapemphere, ukadye, ukagone nthawi yake. Mahedifoni usamakweze kwambiri, ndipo uzivula pafupipafupi makutu apume. Ine panalibe wondiuza, iwe ndakuuza. Dzina pa thiraki. Osafufuta. Uziseva.

Chomaliza ndi pempho. Mawa ku Wenela kudzakhala phokoso, mainjini, oitanira, ogulitsa madzi. Ndikukudziwa iwe, ukagwidwa ndi chisoni mawu amathawira pansi, umangong'ung'udza nkhope ili kumbali. Mawa usatero. Khutu lakumanzere likadali ndi kamphamvu pang'ono, ndipo sindikudziwa ngati lidzakhale lilipo pomwe uzidzabwera ku holide. Ukamaliza kukumbatirana ndi amayi ako, ubwere mbali imeneyo, uyandikire, unene mokweza osachita manyazi ndi anthu kuti, "Adadi, ndapita." Ndikufuna mawu amenewo ndiwamve ndekha, osachita kuuzidwa.

Ndine bambo ako,
Mbewe